Mlandu Waukulu, Chigamulo Chaching'ono: Kodi Ndalama Zayenda?

Awa ndi mau amene mkulu wina wodziwa zamalamulo adalankhula pa msonkhano wokambirana za ufulu wa anthu m'mabwalo a milandu. Tawasindikiza monga adawalankhulira.

 Ndikuona pakati panu anthu amene mudakhalitsa ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London m'zaka zija kudali kovuta kubwera kumudzi. Nkhani ya mabwalo a milandu si yachilendo kwa inu, poti ambiri a inu chimene chidakuthawitsani ndi mabwalo omwewo, kapena kuopa kutsekeredwa popanda kuonekera m'bwalo lililonse.

Nkhani imene mwandipempha kuti ndikambepo ndi imodzi mwa nkhani zimene zimakwiyitsa anthu kwambiri akamatuluka m'khoti. Munthu amumanga, boma limuimba mlandu wakupha mnzake mwadala, mudzi wonse udikira kumva kuti wapita kukafera kundende, koma tsiku lachigamulo jaji nkunena kuti munthuyu sadaphe mwadala, wapha mwangozi, akakhale kundende zaka zisanu. Abale a malemu atuluka akulira, ndipo mau amene amveka panja ndi amodzi okha: ndalama zayenda.

Sindikunena kuti ziphuphu kulibe pa dziko lino lapansi. Koma chimene ndikufuna kuti tichoke nacho pano ndi ichi: mphamvu yopeza munthu wolakwa pa mlandu wocheperapo kusiyana ndi umene adaimbidwa idaikidwa m'malamulo mwadala, ndipo ntchito yake ndi yoti bwalo litchule dzina lenileni la chimene umboni waonetsa, osaonjezera, osachotsera. Mphamvu imeneyi ili ndi malire ake. Bwalo likhoza kuigwiritsa ntchito molakwa, ndipo likatero pali njira yokonzera.

Mlandu waung'ono uli m'mimba mwa waukulu

Mlandu uliwonse uli ndi mfundo zake zimene woimira boma ayenera kutsimikizira bwalo popanda chikaiko. Tiyerekeze kuti munthu amuimba mlandu wakuba njinga moopseza mwini wake ndi chikwanje. Kuti bwalo limupeze wolakwa, boma liyenera kuonetsa zinthu ziwiri: kuti munthuyu adatengadi njinga ya mwini ndi cholinga choti asabwezenso, ndiponso kuti potenga njingayo adagwiritsa ntchito mphamvu kapena kuopseza. Tsono mboni zibwera ndi kunena kuti zidamuona akuikwera njingayo kuchoka pa golosale pamene mwini wake adaiimika, ndipo apolisi adakaipeza m'nyumba mwake ataipenta utoto wina. Koma za chikwanje chija palibe mboni ngakhale imodzi imene idachiona, ndipo mwini njingayo, atapanikizidwa ndi mafunso, wavomera kuti pa nthawiyo iye adali m'kati mwa golosale. Kodi bwalo lichite chiyani? Limumange zaka zambiri pa kuopseza kumene sikudatsimikizike? Kapena limumasule azipita kwawo ngati kuti njinga sidabedwe? Zonse ziwiri ndi bodza. Kuba kuli m'kati mwa kuba moopseza monga nthanga ziliri m'kati mwa dzungu. Choncho bwalo limupeza wolakwa pa kuba, ngakhale pa pepala la mlandu adalembapo kuba moopseza.

Chimodzimodzi pa imfa ya munthu. Buku lathu la Penal Code limasiyanitsa kupha mwadala ndi kupha kumene timangoti kwangozi, ngakhale mau akuti ngozi sakukwana bwino, chifukwa ngozi yeniyeni, imene munthu wosamala sakadatha kuipewa, si mlandu ayi. Pa milandu iwiriyi mtembo ndi umodzi womwewo ndipo dzanja limene lidapha ndi limodzi lomwelo. Chosiyana ndi chimene chidali mumtima mwa wakuphayo. Ngati adafuna kupha kapena kuvulaza modetsa nkhawa, kapena ankadziwa kuti chimene akuchita mwachidziwikire chidzetsa imfa, ndiye kuti wapha mwadala. Ngati munthu wafa chifukwa cha khofi limodzi losayenera, kapena kusasamala koopsa, kapena wakuphayo adaputidwa mwadzidzidzi ndipo adachita zinthu mtima usadakhale pansi, mlandu ndi wocheperapo uja.

Mphamvu imeneyi ili m'buku loyendetsera milandu la Criminal Procedure and Evidence Code. Tidaitengera ku malamulo a ku Mangalande, monganso adachitira anzathu a ku Zambia, Kenya ndi Tanzania. Koma ili ndi malire awiri amene ndikupemphani kuti muwasunge. Malire oyamba ndi akuti bwalo limatsika, silikwera. Munthu woimbidwa mlandu wakuba sangadzidzimuke tsiku lachigamulo kumva kuti wapezeka wolakwa pa kuba moopseza. Ngati umboni ukuonetsa mlandu waukulu, pepala la mlandu liyenera kusinthidwa mlandu usadathe, liwerengedwenso kwa woimbidwa mlanduyo, ayankhenso, ndipo apatsidwe mpata wofunsanso mboni. Malire achiwiri ndi akuti mlandu wocheperawo ukhale wa m'banja lomwelo. Woimbidwa mlandu wakuba njinga sangapezeke wolakwa pa kulima chamba chifukwa chakuti mboni ina yatchula munda wake. Pali milandu ina yowerengeka imene malamulo adachita kuitchula, monga woimbidwa mlandu wakuba kupezeka wolakwa pa kulandira katundu wakuba, koma kupitirira pamenepo bwalo silingatole mlandu panjira.

Makomo awiri okha ndi oopsa

Nanga bwanji osangoti boma likalephera kutsimikiza mlandu umene lidalemba, munthu amasulidwe basi? Kapena bwanji osangoti wakupha ndi wakupha? Dziko lina lidayesapo kutseka khomo lapakatili, ndipo zotsatira zake zikutiphunzitsa zambiri.

M'chigawo cha Alabama ku America kudali lamulo lakuti munthu akaimbidwa mlandu umene chilango chake ndi imfa, oweruza asaloledwe kuganizirako mlandu wina wocheperapo. Kumeneko milandu yotere amagamula ndi jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kuti amve umboni ndi kunena ngati munthu ndi wolakwa kapena ayi, monga tidaonera kuno kwathu pa mlandu wa ku Mwanza mu 1995. Munthu wina dzina lake Gilbert Beck adalowa ndi mnzake m'nyumba ya mwini kukaba, ndipo mwini nyumbayo adaphedwa. Beck adavomera kuti adapitadi kukaba, koma adati amene adapha ndi mnzakeyo, mwadzidzidzi, iye asakuyembekezera. A jury adali ndi makomo awiri okha: kumupeza wolakwa pa kupha mwadala pochita umbanda, ndiye kuti aphedwe, kapena kumumasula ngati munthu wosalakwa. Adasankha imfa.

Mu 1980 bwalo lalikulu la dziko lonse la America lidafafaniza chilangocho. Jaji John Paul Stevens, amene adalemba chigamulo, adafotokoza kuti pamene umboni ukuonetseratu kuti munthu wachita chinthu choopsa, koma pali chikaiko pa mfundo imodzi, oweruza opanda khomo lachitatu amakankhidwira kumupeza wolakwa pa mlandu waukulu, osati chifukwa akhutira, koma chifukwa mtima wawo sungalole kumutulutsa. Ena akhoza kumumasula kotheratu poopa kupha munthu amene sakuyenera imfa. Konseko choonadi chataika.

Kwathu kuno nkhani imeneyi idali ya moyo ndi imfa. Mpaka chaka cha 2007, aliyense wopezeka wolakwa pa kupha mwadala ankalamulidwa kuti akanyongedwe, ndipo jaji adalibe mphamvu yopereka chilango china. Ndi chigamulo cha High Court pa mlandu wa Kafantayeni ndi anzake m'chaka chimenecho chimene chidathetsa kukakamiza kumeneku. Kwa zaka zonse za m'mbuyomo, amene adatchinjiriza munthu wopha mnzake pa ndeu ya pa mowa ku chingwe ndi khomo lapakati lomweli.

Palinso chifukwa china chimene chikuteteza abale a womwalira. Malamulo salola kuti munthu azengedwe kawiri pa chinthu chimodzi chimene bwalo lidagamula kale. Kukadakhala kuti kulibe khomo lapakati, boma likalephera kutsimikiza zakuti munthu adapha mwadala, munthuyo akadatuluka osalandira chilango chilichonse, ngakhale aliyense akuona kuti ndiye adapha.

Mlandu wa Oscar Pistorius

Tsopano ndikufuna tikhale pansi pa mlandu umodzi umene ambiri a inu mudautsatira pa wailesi ndi pa kanema, chifukwa mu mlandu umenewu muli zonse: chigamulo chocheperapo, mkwiyo wa anthu, ndi njira yokonzera.

Oscar Pistorius adali katswiri wothamanga wa ku South Africa amene adadulidwa miyendo yonse iwiri m'munsi mwa maondo ali khanda, ndipo adatchuka pothamanga ndi miyendo yochita kupanga mpaka kufika ku mpikisano wa Olympic ku London mu 2012. M'bandakucha wa pa 14 Febuluwale 2013, kunyumba kwake ku Pretoria, adaombera kanayi chitseko chokhoma cha chimbudzi cha m'nyumba. Kuseri kwa chitsekocho kudali bwenzi lake, Reeva Steenkamp, wa zaka 29, amene adaphunzira zamalamulo. Zipolopolo zitatu zidamulasa ndipo adamwalira.

Zoti ndiye adaombera padalibe kukana. Boma, kudzera mwa Gerrie Nel, lidati awiriwa adakangana usikuwo, mtsikanayo adathawira m'chimbudzi, ndipo Pistorius adamuombera akudziwa bwinobwino kuti ndi iye. Loya wake, Barry Roux, adati Pistorius adamva phokoso, nkuganiza kuti mwalowa mbava, ndipo ankakhulupirira kuti Reeva ali kuchipinda chogona. Mlandu udayamba mu Malichi 2014 ku High Court ya ku Pretoria pamaso pa Jaji Thokozile Masipa ndi omuthandiza awiri, poti ku South Africa adathetsa jury mu 1969. Malamulo awo oyendetsera milandu a mu 1977 amanena momveka kuti woimbidwa mlandu wakupha mwadala akhoza kupezeka wolakwa pa kupha chifukwa chosasamala.

Mu Sepitembala 2014 Jaji Masipa adapereka chigamulo chake. Adati umboni wa anthu oyandikana nyumba amene adati adamva mkazi akukuwa sudali wodalirika mokwanira, choncho boma silidatsimikize kuti Pistorius adakonza zopha Reeva. Adatinso Pistorius sadali mboni yabwino, ankazemba mafunso, koma kuyankha mozemba pakokha sikutsimikiza mlandu. Adapeza kuti munthu woganiza bwino sakadaombera chitseko chotero, akadaitana alonda kapena apolisi, ndipo Pistorius adachita zinthu mopupuluma ndi mphamvu zopitirira muyeso. Choncho adamupeza wolakwa pa kupha chifukwa chosasamala. Pa 21 Okutobala 2014 adamulamula kukakhala kundende zaka 5, ndipo patangotha chaka chimodzi adatuluka kukapitiriza chilango chake kunyumba kwa achibale ake.

Mukukumbukira phokoso limene lidabuka. Anthu adati mzungu wolemera ndi wotchuka wagula chilungamo. Amayi adati moyo wa mkazi wayesedwa wopanda mtengo m'dziko limene akazi ambiri amaphedwa ndi amuna awo. Jajiyu adanyozedwa kwambiri, ena mpaka kumuopseza. Koma amene adasintha zinthu si onyozawo. Woimira boma adatenga chigamulo cholembedwa chija, nkuchiwerenga mzere ndi mzere, nkupeza pamene lamulo lidapotoka, nkupita nacho ku bwalo lalikulu la apilo ku Bloemfontein.

Mfundo yake idali iyi. M'malamulo a ku South Africa munthu amatengedwa kuti wapha mwadala ngakhale sadakonze zopha, malinga ngati adaoneratu kuti chimene akuchita chikhoza kupha munthu, koma nkupitirizabe osalabadira. Jaji Masipa adaganiza kuti popeza Pistorius ankakhulupirira kuti Reeva ali kuchipinda, sakadaoneratu kuti amupha. Pa 3 Disembala 2015 majaji asanu a apilo, chigamulo chikuwerengedwa ndi Jaji Eric Leach, adati pamenepo ndi pamene padalakwika. Funso silidali lakuti kodi ankadziwa kuti ndi Reeva. Funso lidali lakuti kodi ankadziwa kuti kuseri kwa chitseko kuli munthu, aliyense amene angakhale, ndipo kuti munthuyo akhoza kufa. Pistorius adali wodziwa bwino mfuti, zipolopolo zake zidali za mtundu wophwasuka zikalowa m'thupi, chimbudzicho chidali chaching'ono chopanda pothawira, ndipo adaombera kanayi popanda kuombera kochenjeza. Adalibenso chifukwa chomveka choganizira kuti moyo wake uli pachiswe, poti sankadziwa nkomwe amene adali m'katimo. Bwalo lidafafaniza chigamulo chocheperapo chija nkumupeza wolakwa pa kupha mwadala.

Mu Julayi 2016 Jaji Masipa adamupatsa zaka 6. Boma lidachitanso apilo, ndipo mu Novembala 2017 bwalo la apilo lidati chilango choyenera ndi zaka 15 zimene malamulo awo adaika ngati poyambira pa mlandu wotere. Atachotsera zimene adali atakhala kale, zidatsala zaka 13 ndi miyezi 5. Adatulutsidwa m'ndende mu Januwale 2024 kuti akamalizire chilango chake kunja moyang'aniridwa.

Wina afunsa: nanga si mwanena kuti bwalo silikwera? Yankho ndi lakuti Pistorius adaimbidwa mlandu wakupha mwadala kuyambira tsiku loyamba, adauyankha, ndipo maloya ake adalimbana ndi umboni wake kwa miyezi. Bwalo la apilo silidamubweretsere mlandu wachilendo, lidangomubwezera pa mlandu umene adaimbidwa. Ndipo dziwaninso ichi: majaji a apilo sadanene kuti mnzawo adalandira kanthu. Adati adalakwitsa kumasulira lamulo, ndipo adachita kunena kuti kupambana kwa apiloyo kusatengedwe ngati kunyoza luso lake. Kulakwitsa ndi kugulidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo tikamazisakaniza timalephera kukonza chilichonse mwa izo.

Mwini mlandu si loya, si boma

Pali funso lina: ndani amene anganene kuti khomo lapakati litsegulidwe? Nthawi zina loya wa woimbidwa mlandu salifuna, chifukwa akuyembekeza kuti oweruza akakhala ndi makomo awiri okha amumasula munthu wake. Nthawi zina woimira boma salifuna, chifukwa akufuna mlandu waukulu basi. Ku Mangalande izi zidachitika pa mlandu wa Graham Coutts, amene adapezeka wolakwa mu 2004 pa kupha mwadala mayi wina wophunzitsa nyimbo wa ku Brighton. Iye ankati imfayo idali ngozi. Mbali zonse ziwiri zidagwirizana kuti a jury asauzidwe za mlandu wocheperapo, ndipo jaji adavomera. Mu 2006 bwalo la House of Lords lidafafaniza chigamulocho, ponena kuti ngati umboni ukupereka mpata woonekeratu wa mlandu wocheperapo, jaji ayenera kuuika pamaso pa a jury, afune asafune maloya, chifukwa mlandu si juga yoti anthu awiri azibetcherana moyo wa munthu. Mlandu udazengedwanso mu 2007, makomo onse atatu ali otsegula, ndipo Coutts adapezekanso wolakwa pa kupha mwadala. Kutsegula khomo lapakati sikutanthauza kuti wolakwa apulumukirapo. Kumangochititsa kuti chigamulo chikhale chokhulupirika, poti oweruza adali ndi mpata wosankha china koma sadachisankhe.

Pamene tiyenera kukhala maso kwathu kuno

Tsono tibwerere kumudzi. Mphamvu imeneyi ili ndi misampha yake, ndipo amene amakodwa kawirikawiri si anthu a maloya odula ayi, koma munthu wamba woima yekha pamaso pa majisitireti, wosadziwa kusiyana kwa mlandu uwu ndi uwo.

Msampha woyamba ndi maganizo akuti munthu wafika kale m'khoti, sangatuluke chimanjamanja, timupatseko kena kake. Ayi ndithu. Mlandu wocheperapo uyenera kutsimikizidwa popanda chikaiko monga waukulu womwe. Ngati munthu akunena kuti tsiku limenelo adali ku maliro ku Ntcheu, ndipo bwalo likukaika ngati adalipo pa malo a mlandu, palibe mlandu wocheperapo pamenepo. Munthu amene kudalibe sangabe pang'ono, sangaphe pang'ono. Amasulidwe.

Msampha wachiwiri ndi kulemba mlandu waukulu dala pofuna kuopseza. Milandu yakupha imazengedwa ku High Court, ndipo tonse tikudziwa kuti anthu amadikira nthawi yaitali pa limandi ku Maula, ku Chichiri ndi ku Zomba. Munthu amene wagona pansi mothinana kwa zaka akauzidwa kuti akavomera mlandu wocheperapo atuluka msanga, avomera, ngakhale kuti adali kudziteteza kwa munthu womuukira ndipo akadatha kumasulidwa kotheratu. Pa pepala zioneka ngati amuchitira chifundo, chonsecho wasenza mlandu umene sadapalamule, ndipo dzina lakuti wakupha lidzamutsata pofuna ntchito mpaka ku manda.

Msampha wachitatu ndi wa mbali inayo. Khomo lapakati likhoza kukhala pobisalira anthu amphamvu. Wantchito wa boma wonyamula mfuti akapha munthu, kapena bwana akavulaza wantchito wake, nkumva kuti mlandu watsika, anthu ali ndi ufulu wofunsa kuti watsika chifukwa chiyani. Ngati wosauka amakwera naye pamwamba nthawi zonse pamene wolemera amatsika naye nthawi zonse, ndiye kuti vuto si lamulo koma oligwiritsa ntchito, ndipo manyuzipepala ayenera kulemba zimenezo mosaopa.

Chimene chimatitchinjiriza ku misampha yonseyi ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994. Gawoli limati woimbidwa mlandu auzidwe momveka bwino mlandu umene akuimbidwa, atengedwe ngati wosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa, aloledwe kubweretsa umboni wake ndi kutsutsa wa boma, aimiridwe ndi loya, azengedwe m'chilankhulo chimene akumva, ndipo akhale ndi ufulu wochita apilo. Amene adalemba mau amenewa ankakumbukira mabwalo a mafumu amene kuyambira 1969 adapatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha, momwe loya sankaloledwa kulowamo. Ankakumbukira a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa, amene mu 1983 adalamulidwa kuti aphedwe ndi bwalo lotere, a Orton nkufera m'ndende ya Zomba mu 1992. M'mabwalo amenewo funso lakuti kodi umboni watsimikiza chiyani kwenikweni lidalibe mphamvu pamene boma lafuna munthu. Lero tili ndi mabwalo amene angathe kuuza boma kuti mwa zinthu ziwiri zimene mwanena, mwatsimikiza chimodzi chokha, ndipo munthuyu tikumulanga pa chimodzicho. Bwalo lotha kunena choncho ndi chinthu chimene anthu adachifera, ndipo tisamafulumire kulinyoza likatero.

Choncho mukamva kuti mlandu watsika, musayambe ndi kufunsa kuti ndani wadya. Yambani ndi kufunsa kuti ndi mfundo iti ya mlandu waukulu imene bwalo lati sidatsimikizike. Kenaka funsani ngati mlandu wocheperawo udalidi m'mimba mwa waukuluwo, kotero kuti woimbidwa mlandu adali ndi mpata wouyankha. Funsaninso ngati bwalo lalemba zifukwa zake. Chigamulo cha bwalo si chinsinsi, chimawerengedwa poyera, ndipo munthu akhoza kupempha kuti achione.

Kwa inu amene mbale wanu waphedwa kapena wavulazidwa ndipo mukuona kuti lamulo lapotozedwa, pitani kwa woimira boma pa mlanduwo ndi ku ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma. Boma lili ndi mphamvu yochita apilo pa mfundo ya lamulo, ndipo lidachitapo zimenezi ngakhale pa mlandu wa ku Mwanza, kungoti Supreme Court idakana apiloyo mu 1997. Njira imeneyi ndi yaitali ndipo siitsimikiza kuti mupambana. Banja la Steenkamp lidadikira zaka zoposa zinayi kuti limve chilango chomaliza. Koma ndi njira yokhayo imene siibala maliro ena, pamene kuotcha nyumba ya woganiziridwa kumangoonjezera anthu a pa limandi.

Kwa inu amene mbale wanu ndiye ali m'chitokosi, mulangizeni kuti asavomere mlandu uliwonse, waukulu kapena waung'ono, asadaumvetse bwino m'chilankhulo chake. Afunse kuti mlandu wocheperawo ukutanthauza kuti iye adachita chiyani, ndipo ngati sadachite chimenecho, akane. Ngati alibe ndalama za loya, a Legal Aid Bureau adaikidwa chifukwa cha anthu otere. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene lero akufuula panja pa khoti kuti apachikidwe basi, mawa akhoza kukhala ndi mwana wake m'katimo, atakankha mnzake pa ndeu mnzakeyo nkugwera pa mwala, ndipo tsiku limenelo adzafuna jaji wodziwa kusiyanitsa.

Wapampando, nthawi imene mudandipatsa yatha. Ndisiyire pomwepa kuti ena afunse mafunso.